Amene akuti CV inafa ali ndi amalume ku Lusaka

M'magulu a WhatsApp a ofuna nchito mwafala uphungu umodzi: tayani CV, pezani munthu wokudziwani, khalani pa LinkedIn. Ife tikuukana. Onani bwino amene amaupereka. Ambiri anakulira m'tauni, amalume awo ali ku unduna, anzawo a kusukulu ali m'mabanki. Kwa iwo foni imodzi ikwanira. Nanga mtsikana wa ku Vubwi, amene acibale ake onse amalima nshawa ndi soya, aimbire ndani?

Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000. Cimene linafunsa ndi mapepala: NRC, satifiketi ya Giredi 12, dipuloma, ndipo kwa aphunzitsi, umboni wakuti analembetsa ku Teaching Council of Zambia. Inde, madandaulo anamveka akuti ena analowa cifukwa ca cibale. Koma odandaulawo anali ndi poyambira. Anali ndi pepala m'manja loonetsa kuti anamaliza maphunziro kale kuposa amene anatengedwa. Nchito ikaperekedwa pa foni kapena pa mowa, udzadandaula kwa yani, ndipo udzaonetsa ciani ku Anti-Corruption Commission? Zambiri zimene azipatsa dzina lokoma la “networking” kuno kwathu ndi kukondera komwe kuja, kwangovala suti.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Kunabwera makhonsolo ndi maofesi, malo amene mwana wa kumudzi angalembedwe nchito osakwera basi ya ku Lusaka. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo thandizo la maphunziro a luso limadutsa pa fomu yopita ku Ward Development Committee. Tikavomereza kuti pepala lilibe nchito, tikupereka malo onsewa kwa ana a anthu odziwika, mwaulere.

Intaneti sitikuida. Imatiuza msanga kumene kwatuluka nchito, kaya ku St Francis ku Katete kaya ku Chipata. Koma ukawerenga cilengezo mpaka pansi, upeza akufuna CV yomweyo, mu PDF. Ndipo pa Facebook pomwepo ndi pamene pali akathyali olonjeza nchito, amene amati tumiza kandalama pa mobile money kuti dzina lako lilowe. Olemba nchito enieni salipiritsa.

Cimene ciyenera kufa ndi CV yokopera. Tonse tikuidziwa: imasindikizidwa pa kashopu ka kompyuta pa boma, amangosintha dzina, ndipo aliyense amakonda “kuwerenga mabuku ndi kupanga anzake atsopano”. Munthu amene ali ndi makalata mazana patebulo sangafike nayo pakati. Koma ambiri a ife tili ndi zenizeni zimene timacita nazo manyazi. Wina anasunga mabuku a ndalama a kopaletivu zaka ziwiri. Wina anawerenga anthu pa kalembera wa 2022, akuyenda ndi tabuleti mudzi ndi mudzi. Wina anayendetsa kabuthi ka mobile money pa mseu wa Great East popanda kusowetsa ngwee. Zilembeni zimenezo, ndi zaka zake, ndi nambala ya wapampando wa kopaletivu amene angayankhe foni akamuimbira.