Kalata kwa Nduna ya Zamalimidwe: Chamba cha Mafakitale Chikudikira Makina

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba ndili ku Dowa, komwe ndinakulira m'fungo la chigafa. Bambo anga ankalima fodya wa bale, ndipo fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera ku okushoni ya ku Kanengo. Fodya sindingamunyoze, ndinadya zake. Koma ndikukumbukiranso mitengo imene tinkagwetsa chaka ndi chaka pofuna mphanda, phaso ndi mikangala. Phiri limene ndili mwana tinkatolako masuku lero langotsala miyala, ndipo amayi a m'mudzi mwathu akumaphikira zitsononkho. N'chifukwa chake nkhani ya chamba cha mafakitale ndakhala ndikuitsatira ngati mlandu wa m'bale wanga.

Mukukumbukira kuti mu 2015, a Boniface Kadzamira, omwe anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, ataimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti dziko lino liyambe kulima mbewuyi, anzawo anawaseka. Chaka chomwecho kafukufuku wa mbewuyi anayamba ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze. Pa 27 February 2020 nyumba yomwe ija inavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority linabadwa. Oseka aja anaomba m'manja. Ife kumudzi tinamva pa wailesi kuti mlowam'malo wa fodya wapezeka.

Papita zaka tsopano, a Nduna. Ndikapita ku msika wa pa Mponela sindipeza chingwe cha chamba, thumba la chamba kapena njerwa ya chamba. Timabotolo ta mafuta ndi zodzola ndinationapo m'sitolo ina mu Lilongwe, pa mtengo woti mlimi sangayerekeze n'komwe kufunsa. Ndiye ndati ndikulembereni, chifukwa ndikuona kuti tinathamangira maluwa a mbewuyi n'kuiwala tsinde lake, pomwe phindu lokhalitsa lili mu tsindemo.

Mundilole ndiyambe ndi dzina, poti ndilo likutipunthwitsa. Mawu akuti chamba akangomveka, abusa amakwinya nkhope, amfumu amayang'ana kumbali, achinyamata n'kumaseka. Ine ndikamafotokozera akuluakulu kwathu ndimawapatsa chitsanzo cha chinangwa. Chilipo chokoma chimene mwana amazula n'kudya chosaphika, chiliponso chowawa chimene ukachidya osachiviika umaona zakuda. Masamba ake ndi ofanana, mtundu ndi umodzi. Chamba n'chimodzimodzi. Chimene chimazunguza mutu ndi mankhwala a m'maluwa ndi m'masamba otchedwa THC. M'chamba cha mafakitale mankhwalawa ndi ochepetsetsa: lamulo lathu limati asapitirire gawo limodzi pa magawo 100, pomwe ku America anaika malire pa 0.3 pa magawo 100. Munthu atasuta ndudu ya chamba chimenechi angotsokomola n'kumva litsipa basi. Koma kodi ndi alangizi angati a zaulimi m'madera mwathu amene anaphunzitsidwa kufotokoza zimenezi? Ndi wapolisi uti wa pa rodibuloko amene angasiyanitse mitolo iwiriyi popanda chipangizo choyezera?

Mbewuyi ikadzalidwa mothinana imathamangira kumwamba, ndipo m'miyezi itatu kapena inayi imatalika mamita atatu kapena kuposerapo. Udzu pansi pake umafa wokha chifukwa cha mthunzi. Khungwa lake lili ndi luzi lolimba kwambiri, lomwe kalekale ku Ulaya ankapotera zingwe za zombo ndi kuwombera nsalu za matanga. Lero luzi lomwelo amapangira zovala, mapepala, ngakhalenso zamkati mwa zitseko za galimoto ku Germany. Mukachotsa luzi mumatsala ndi chimtima chopepuka, changati cha phesi la chimanga koma cholimbirapo. Njere zake pafupifupi gawo limodzi pa magawo atatu ndi mafuta, ndipo zotsalira pofinya ndi chakudya cha nkhuku ndi ng'ombe. Palibe chotaya.

Tsono taonani zimene dziko lino likulira nazo. Belo lililonse la fodya limene limalowa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu limakutidwa ndi chiguduli. Chigudulicho chimachokera ku mbewu ya jute yolimidwa ku Bangladesh ndi India, ndipo timachigula ndi madola omwe tikusowa ogulira mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala. Ogula fodya nawo amakana belo akapezamo tizidutswa ta pulasitiki, pomwe mlimi chingwe chotchipa chimene angachipeze n'cha pulasitiki chomwecho. Majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pitani mukaone mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe mvula yoyamba ikagwa. Kuletsa chinthu popanda kupereka china choti mayi anyamuliremo tomato wake n'kungotopetsa apolisi.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi njerwa. Uvuni uliwonse umene mumauona ukufuka m'mbali mwa msewu wa M1 m'chilimwe wadya mitengo yachilengedwe, misuku, miwanga ndi mitondo, yomwe inatenga zaka makumi ambiri kuti ikule. Pamene pakumbidwa dothi pamatsala maenje osungira udzudzu. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi pa nyumba zikuluzikulu za malonda, ndipo linachita bwino. Chotsatira chake n'chakuti aliyense wathamangira ku mabuloko a simenti, yomwe mtengo wake umakwera kwacha ikangotsokomola. Anzathu kunja amatenga chimtima cha chamba chija, n'kuchisakaniza ndi laimu ndi madzi, n'kuumba njerwa zosaotcha zotchedwa hempcrete. Zimangouma ndi mphepo. Nyumba yake imakhala yozizira mu Okutobala, yofunda mu Juni, ndipo khoma lake siligwira moto msanga. Ndisabise, njerwazi sizisenza denga pazokha. Pamafunika mizati ya matabwa, zitsulo kapena konkire, izo n'kungotseka makoma. Ku Cape Town, pa 84 Harrington Street, kuli hotela ya nsanjika 12 yomwe makoma ake anamangidwa ndi njerwa zoterezi. Chochititsa manyazi n'chakuti chamba chomangira hotelayo anachita kuitanitsa ku Britain, chifukwa South Africa inali isanayambe kupereka zilolezo zolima. Ife lamulo tinali nalo kale, minda tili nayo, mwala wa laimu uli mbwee ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka. Tinalibe makina okha.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, a Nduna. Tsinde la chamba silili ngati fodya woti ukasoka, kuyanika, kudinda belo n'kukweza pa lole. Likadulidwa limasiyidwa m'munda milungu ingapo kuti mame ndi chinyezi zifewetse khungwa. Kenaka limafuna makina osendera, olekanitsa luzi ndi chimtima. Popanda makinawo, mlimi ali ndi mulu wa mapesi basi. Ndipo mapesiwo ndi opepuka koma odzaza malo, moti kuwanyamula kuchoka ku Rumphi kupita ku Blantyre ndalama yonse ithera mu dizilo. Fakitale iyenera kukhala pafupi ndi minda. Ku France, dziko limene limalima chamba cha mafakitale chochuluka kuposa ena onse ku Ulaya, alimi a m'dera la Aube anapanga kopaletivu yotchedwa La Chanvrière mu 1973, ndipo fakitale yosendera ndi yawo. Amadzala akudziwa komwe mapesi awo akupita. (Mbali yaikulu ya luzi la ku France imathera m'mapepala opyapyala okulungira ndudu. Kuteroko fodya wathu amakafika kunja n'kukavekedwa malaya a chamba.)

Dziko lino linaphunzirapo kale kuwawa kodzala popanda fakitale. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 tinadzala paini ku Chikangawa, mahekitala pafupifupi 53,000, ati kuti tidzapange mapepala. Fakitale ya mapepalayo sinamangidwe. Nkhalangoyo inathera m'macheka ndi m'moto wolusa, ndipo makope a ana athu asukulu mapepala ake timagulabe kunja. Thonje nalo timalima ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, lambiri n'kutuluka m'dziko losawombedwa, ife n'kumavala kaunjika. Kodi chamba tichiyendetsenso njira yomweyo?

Zimene zinachitika lamulo litangodutsa zikundipatsa mantha amenewo. Mitengo ya zilolezo italengezedwa mu 2020, cholima chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 ndipo cha mafakitale madola 2,000. Mlimi wa ekala ziwiri ndalama zotere angazione kuti? Anthu anayamba kusonkhana m'magulu. Msuweni wanga anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti alowe m'gulu lina, atalonjezedwa kuti wogula alipo kale kunja ndipo kilogalamu imodzi idzaposa belo lathunthu la fodya. Analipira za umembala, za maphunziro, za mbewu. Lero ng'ombe kulibe, wogula sanaoneke, ndipo mukamutchulira chamba amangoimirira n'kuchokapo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Unduna wanu mu 2021 unafika polembera kalata katswiri wa nkhonya Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Sindikudziwa kuti nkhonya zikanasenda bwanji luzi.

Sindikufuna kukunamizani kuti mbewuyi ndi yamatsenga, poti okometsa nkhani achuluka kale. Imafuna nthaka yachonde ndi feteleza ngati chimanga. Imadana ndi madzi odikha. Mankhwala ophera tizilombo imafuna ochepa poyerekeza ndi thonje, zimenezo n'zoona, koma mapesi ake mukawaviika mumtsinje kuti afewe msanga, madzi amanunkha ndipo nsomba zimafa. Laimu nayenso akaotchedwa ndi nkhuni, ndiye kuti mitengo imene tapulumutsa ku uvuni wa njerwa yathera ku uvuni wa laimu. Zonsezi n'zofunika kuzikonzekera tisanauze anthu kuti adzale.

Vuto lalikulu ndi mbewu. Chamba chimayamba maluwa chikaona kuti usana wafupika. Mitundu ya ku Ulaya ndi Canada inazolowera chilimwe cha usana wa maola 15 kapena 16. Kuno usana supitirira kwenikweni maola 12 kapena 13 chaka chonse, ndiye mbewu zoterezo zikabwera zimaganiza kuti nyengo yatha, n'kuchita maluwa zikadali m'mawondo. Luzi lichokera pati pamenepo? Chinanso, mungu wa chamba umauluka ndi mphepo mtunda wautali. Tisanamizane, ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi madera ena chamba chathu chija chilipo m'mapiri, ndipo mungu wake sufunsa chilolezo. Mlimi akasunga njere za m'munda mwake n'kudzala chaka chamawa, THC ikhoza kukwera kudutsa malire, munthu wosalakwa n'kupezeka wasanduka wolima chamba choletsedwa. Ntchito yopeza mitundu yogwirizana ndi dzuwa lathu, kuichulukitsa, ndi kusankha madera oyenera kulima ndi ya Chitedze ndi koleji ya zaulimi ya Bunda, ndipo imafuna ndalama za boma chaka ndi chaka. Kusiyira ntchito imeneyi makampani okha ndiko kudzachititsa mlimi kugula mbewu ndi madola mpaka kalekale.

Pempho langa ndi ili. Lekanitsani chamba cha luzi ndi cha mankhwala pa kayendetsedwe kake. Cha mankhwala chikhale ndi mipanda yake, makamera ake ndi zilolezo zake zodula. Cha luzi ndi njere chione ngati thonje kapena mpendadzuwa: chilolezo cholipira m'makwacha, pa mtengo woti kalabu ya alimi ingakwanitse, ndipo kuyeza THC kuchitike m'dziko momwe muno, msanga, mbewu ikadali m'munda. Kenaka sankhani dera limodzi lokha, kaya ku Kasungu kaya ku Mchinji komwe kuli minda ya maesiteti yogona, muikepo makina osendera, alimi ozungulira alime pa mgwirizano wolembedwa wonena mtengo asanadzale. Ana athu a ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST angathe kupanga timakina tating'ono tosendera toyendera injini ya chigayo, mutawapatsa ntchitoyo ndi ndalama zake.

Ndipo wogula woyamba akhale boma lenilenilo. Kambiranani ndi anzanu a ku unduna wa zamaphunziro kuti midadada ingapo ya sukulu imangidwe ndi njerwa za chamba, a Malawi Bureau of Standards aziyeze, anthu akazione ndi maso, akazigogode ndi chala, aone ngati chiswe chikuzilowa. Kambiranani ndi a Tobacco Commission za chingwe ndi chiguduli chopangidwa kuno. Wamalonda saika ndalama zake pa fakitale chifukwa cha mawu a pa msonkhano. Amaika akaona oda.

Pomaliza, a Nduna, tiuzeni zoona za zaka zapitazi. Zilolezo zinaperekedwa zingati, mahekitala olimidwa ndi angati, zinagulitsidwa n'zochuluka bwanji, ndipo alimi amene anataya ndalama zawo m'magulu aja athandizidwa motani? Mukanene zimenezi m'Nyumba ya Malamulo, ndipo zimveke pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Ine ndili ndi ekala imodzi imene ndaisiya dala kuseri kwa chigafa cha malemu bambo anga. Mukadzaimika makina, mudzatiuze. Ndidzakhala woyamba kulembetsa.

Ine wanu,

Mwana wa mlimi wa fodya,
Dowa