Mfuti ya Gogodela Imene Ili Kutsindwi

Chimanga chikayamba kukhwima, tulo timachepa m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Vwaza ndi chigwa cha Luangwa. Nguluwe zimalowa m'munda usiku, anyani masana, ndipo pamene mpanda unaduka njovu nazo sizichedwa. Ndi nyengo imene abambo ena amatsitsa mfuti ya gogodela kutsindwi n'kuipukuta mwaye. Patsamba lino tinazolowera kukambirana za madzi akumwa, udzudzu ndi phala la ana, koma mwezi uno tikambe za chida chimenechi, pakuti nachonso chimagona m'nyumba imodzi ndi ana athu.

Mwini gogodela nthawi zambiri si chigawenga ayi. Ndi mlimi amene akulondera thukuta lake, kapena bambo amene ana ake atha miyezi osalawa ndiwo ya nkhuli. Mfutizi zinafika kuno kale, m'zaka za m'ma 1800, ndi amalonda a minyanga ndi akapolo: anthu a Jumbe ku Nkhotakota, amalonda achiyao, ndi Achikunda a m'mbali mwa Zambezi ndi Luangwa. Zakunjazo zitatha ndi dzimbiri, amisiri osula a m'midzi anayamba kupanga zawo potengera zomwezo, ndipo luso limeneli lakhala likuchoka kwa agogo kupita kwa adzukulu mpaka lero. M'mabanja ena mfutiyo ndi chuma chamasiye, ili ndi mbiri ya njati imene inagwetsa m'chaka cha njala. Amene amabwera m'mudzi n'kuyamba ndi kunyoza zimenezi samvedwa, ndipo ife sitikudabwa.

Koma tiyeni tichiyang'ane bwino chidachi. Mfuti ya kufakitale imapangidwa ndi chitsulo chokonzedwera ntchito imeneyo, ndipo amaiyesa ndi mphamvu yoposa imene idzagwire nayo ntchito asanaigulitse. Ya m'mudzi imapangidwa ndi paipi iliyonse imene yapezeka, imene anaipangira kudutsa madzi kapena kugwira ntchito m'galimoto. Palibe anaiyesa. Kuwomba kulikonse kumaifooketsa pang'ono, ndipo utsi wa wonga umasiya mwaye umene umakoka chinyezi n'kudya chitsulo m'kati, kumene diso silifika. Kunja imatha kuwala bwino, yopakidwa mafuta, pamene m'kati yatsala ngati chikhokho cha dzira. Wonganso ndi wopanga pamanja, wa lero sufanana mphamvu ndi wa mwezi watha, ndipo muyeso wake ndi wa m'maso. N'chifukwa chake mawu akuti "mfuti iyi yakhala zaka makumi awiri osandichita kanthu" satilimbitsa mtima. Zaka zimenezo ndi zimene zaidya.

Tsiku limene paipi yalephera, imaphulikira pamene mphamvu ili yochuluka, cha kumbuyo. Taganizani mmene mlenje amaimira: dzanja lamanzere lagwira paipiyo, tsaya lagona pamtengo, diso lamanja lili pafupi penipeni. Zimene zimavulala ndi zomwezo, zala, chikhatho, diso ndi nkhope. Kwa mlimi wodalira khasu, kutaya zala zitatu ndi njala ya banja lonse, ya chaka chino ndi zaka zotsatira. Ndipo ngakhale mfuti isaphulike, kulira kwake pafupi ndi khutu kumapha pang'onopang'ono timinyewa ta m'kati mwa khutu, ndipo sitimeranso. Alenje okalamba ambiri amamva ndi khutu limodzi.

Pali khalidwe linanso la mfuti zoterezi limene lapweteka ambiri. Wonga ukachita chinyezi, monga zimakhalira nthawi ya dzinja, umatha kuchedwa kuyaka. Mlenje wakoka, mfuti yangoti zii. Iye amaitsitsa, kuitembenuza, mwinanso kusuzumira kukamwa kwake, ndipo ndi pamenepo imalira. Nthawi zina kamoto kamatsalira m'kati akangowomba, ndiye pothira wonga wina mothamanga, moto umabwerera m'manja ndi kumaso. Onjezani mdima. Usiku, ndi tochi ya pachipumi, chimene chimaoneka ndi kugwedezeka kwa mapesi basi, ndipo mnzako amene wabwera kudzalondera munda woyandikana nawo amagwedeza mapesi chimodzimodzi ndi nguluwe.

Komabe chimene chatichititsa kulemba nkhaniyi si kutchire, ndi kunyumba. Kuika wonga mu gogodela kumatenga nthawi, choncho ambiri amaisunga ili yodzaza kale kuti nyama ikabwera angonyamula. Ilibe loko, ndipo poiyang'ana simungadziwe ngati ili ndi kanthu m'kati. Imakhala kutsindwi, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa. Makolo timadzinamiza kuti ana sadziwa pamene pali. Mwana wa zaka khumi amadziwa pamene amayi ake amabisa shuga, nanga angalephere kudziwa pamene pali mfuti ya bambo ake? Akuluakulu akapita kumaliro kapena kumsika, iye amaitana anzake kuti adzaone. Wonga nawonso umasungidwa m'botolo kapena m'chitini, kawirikawiri pafupi ndi moto kuti usachite chinyezi, m'nyumba ya udzu. Ndipo tisabise: m'nyumba imene muli mowa, mkangano wa banja, kapena munthu amene wataya mtima ndi ngongole, mfuti yodzaza imasandutsa mkwiyo wa mphindi imodzi kukhala maliro. Mkwiyo umatha kukacha, koma amene waikidwa m'manda sabwerera.

Palinso poizoni wosaoneka. Alenje ena amasungunula mtovu wa m'mabatire akale pamoto wapakhomo, nthawi zina m'chiwaya chimene mawa chikazinga mtedza. Utsi ndi fumbi la mtovu zimalowa m'thupi, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umawononga ubongo wa mwana amene akukula, umachepetsa magazi, ndipo mwa mayi woyembekezera umadutsa n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Chipolopolo cha mtovu chikamenya fupa la nyama chimamwazika tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo kuphika sikutichotsa. Mwana wodya mtovu sagwa pansi tsiku lomwelo. Amangovutika kusukulu, ife n'kumati ndi waulesi.

Ambiri a ife owerenga magazini ino sitidya nguluwe, mvuu kapena kalulu, potsata Levitiko chaputala 11, ndiye tikhoza kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya ena. Koma gwape ndi mbawala timadya, nguluwe imadya chimanga chathu osafunsa za mpingo, ndipo mwana wathu amasewera kunyumba kwa mnansi. Matenda a nyama zakutchire nawonso sasankha. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa ndi anthrax mumtsinje wa Luangwa m'boma la Chama ku Zambia, ndipo anthu oposa 500 anadwala atagwira kapena kudya nyamayo. Nyama yodwala ndiyo imayenda pang'onopang'ono, ndiyonso imapezeka msanga ndi mfuti yosafika patali.

Ngozi ikachitika, mdani wamkulu ndi mantha. Popeza mfutiyo ilibe chilolezo, abale amayamba kukambirana zoti anene m'malo mothamanga ndi wovulala. Ena amam'bisa m'nyumba masiku awiri atatu akum'thira mankhwala azitsamba, mpaka bala litanunkha. Abale athu, mlandu umakambidwa ndi munthu wamoyo. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita asanu, ndipo akataya awiri moyo wake uli pachiswe. Tengani nsalu yoyera, chitenje chochapa chimene, ikani pabalapo ndi kukanikiza mwamphamvu osaleka. Ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba. Chitsulo chimene chalowa m'thupi musachizule, chifukwa mwina ndicho chatseka mtsempha. Musathire dothi, phulusa, ndowe, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna. Ngati wapsa ndi wonga, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Diso lovulala lokha ndilo musalikanikize, musalitikite, musayese kuchotsamo kanthu. Livundikireni ndi kapu yoyera, mangani mopepuka, ndipo pitani. Zipatala za maso monga ya ku Nkhoma ndi ya Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre zimatha kupulumutsa diso limene lafika msanga. Wovulalayo musam'patse chakudya panjira, pakuti mwina afunika opaleshoni. M'gonekeni, m'fundikeni, ndipo pezani njinga yamoto kapena ngolo nthawi yomweyo.

Ngakhale bala lioneke laling'ono, pitani ndithu. Mfuti zimenezi zimaponya zidutswa za zitsulo zakale, ndipo zimalowetsa m'mnofu dothi ndi nsanza za malaya. Bala lakuya lakuda chotero ndi malo amene kafumbata amakonda. Zizindikiro zake zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, bala litayamba kale kuoneka ngati likupola: nsagwada zimauma, khosi limalimba, kenako thupi lonse limakungika. Apa abambo ndi amene ali pangozi kwambiri. Amayi amalandira katemera wa kafumbata kusikelo akakhala oyembekezera, pamene abambo ambiri anabayidwa komaliza ali makanda. Uzani adokotala zoona za chimene chakuvulazani, chifukwa chithandizo cha bala la mfuti n'chosiyana ndi cha bala la chisonga.

Za lamulo tingonena mwachidule. Ku Malawi ndi ku Zambia komwe, kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, kaya ndi yogula kaya ndi yosula. Ku Malawi lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ingafike zaka 30 m'ndende. Bambo akamangidwa, munda umene ankauteteza umatsala ndi mayi yekha.

Kungouza munthu kuti ataye mfuti, osayankha za nguluwe ndi za ndiwo, n'kulankhula kwa munthu wokhuta. Chimene tachiona chikugwira ntchito ndi chimene chimayamba ndi m'mimba. M'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limaphunzitsa alenje ulimi wa mtedza, soya, mpunga ndi njuchi, n'kumagula zokolola zawo ndi kuzigulitsa m'masitolo pa dzina la It's Wild! Alenje ambiri kumeneko apereka okha mfuti ndi mawaya otchera nyama, osati chifukwa chowopsezedwa, koma chifukwa apeza china chodyetsera ana. Pakhomo pathu, khola la nkhuku ndi nkhunda, mbuzi ziwiri, ndime ya soya, nandolo ndi nzama zimapereka chakudya chomanga thupi mlungu uliwonse, pamene gwape amabwera mwa apo ndi apo. Kumunda, kulondera mosinthana ndi zitini ndi moto, ngalande yotchinga nguluwe, ndi utsi wa tsabola umene njovu zimadana nawo, sizithetsa vuto lonse, koma sizinadulepo munthu chala. Njovu ikavuta, itanani a nthambi yoona za nyama zakutchire. Tikudziwa kuti nthawi zina amachedwa, ndipo madandaulo a anthu a m'malire a nkhalango ndi omveka. Koma gogodela kawirikawiri sagwetsa njovu, amangoisiyira bala, ndipo njovu ya bala ndi imene imapha mayi wokatola nkhuni mawa lake.

Ngati m'nyumba mwanu muli mfuti yakale imene anasiya agogo, itengeni ngati yodzaza, ngakhale patapita zaka zambiri. Wonga wouma sukalamba. Musayese kuichotsa za m'kati ndi waya, musaiwombe kuti muone ngati ikugwirabe, musaiponye pamoto, ndipo musaipereke kwa wosula kuti adule paipiyo apangire china. Itsekereni pamene ana sangafike, kukamwa kwake kutaloza kumene kulibe munthu, kenako kambiranani ndi a mfumu kuti akuperekezeni kupolisi kapena kwa alangizi a zanyama, iwo adzaitenge okha. Botolo la wonga nalo lichoke kukhitchini lero lomwe, ndipo chiwaya chimene chinasungunulirapo mtovu chisaphikirenso chakudya, ngakhale mutachikwecha ndi mchenga.