Ulendo wa ku Joni: Zoopsa Zina Sizinyamula Mpeni

Kuyambira masiku a Wenela, pamene agogo athu ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya golide, mzinda wa Johannesburg wakhala ukukoka Amalawi. Lero mabasi amanyamuka ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, kudutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kukatsitsa anthu m'katikati mwa mzindawo patatha pafupifupi masiku awiri. Ambiri mwa apaulendowa ndi okaoda katundu, ena ndi okaona abale. Ponyamuka onse amalangizidwa chimodzimodzi: chenjerani ndi akuba. Malangizowa ndi oona, ndipo amene amatulutsa foni kapena kuwerenga ndalama poyera pafupi ndi Park Station amadziputira yekha mavuto. Komabe pali zoopsa zina zimene sizitchulidwa kawirikawiri, chonsecho zatenga miyoyo ya abale athu.

Choyamba ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Vuto n'lakuti munthu akalumidwa ndi udzudzu kumudzi kapena pa njira, matendawa amaonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, iye atafika kale. Kumeneko kutentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono amangoti ndi chimfine, makamaka m'nyengo yozizira. Mukayamba kumva choncho, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, uzani adokotala kuti mwachokera ku Malawi, ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo. Amene mumamwa mankhwala a ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, nyamulani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Chachiwiri ndi chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku kumazizira kuposa ku Dedza, mpaka madzi kuundana. Ambiri amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala akamayaka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Umagonetsa munthu tulo tosadzukanso. Bulangete lachiwiri ndi jekete yochindikala n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kunyamula maliro kuchoka ku Joni kufika ku Mangochi.

Chachitatu ndi malo ogona. M'katikati mwa mzindawu muli nyumba zosanja zimene eni ake anazisiya, ndipo magulu a zigawenga anazilanda n'kumabwereketsa zipinda pa mtengo wotsika. Pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka m'nyumba yotereyi yotchedwa Usindiso ku Marshalltown. Anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. M'katimo munali tizipinda ta matabwa, ndipo njira zina zothawira zinali zotsekedwa. Musanapereke ndalama ya malo ogona, yang'anani masitepe, funsani ngati chipata chimakhomedwa usiku, ndipo dziwani kumene mungatulukire magetsi atazima. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi masiku a mu pasipoti. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Kuyambira mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapyola ndi masiku oposa 30, chiletsocho chimakhala cha zaka 5. Wogwidwa alibe zikalata amatha kusungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo. Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo, pakuti munthu amene masiku ake atha amaopa chipatala ndi polisi, motero amapirira matenda kapena nkhanza mpaka zinthu zitafika poipa. Dziwani kuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limaletsa kumana munthu aliyense chithandizo cha mankhwala pa ngozi kapena matenda a kayakaya.

Tisaiwalenso kuti chidani chodana ndi alendo chimabuka nthawi ndi nthawi. Mu Meyi 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo. Mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake. Choncho mverani nkhani pa wailesi, funsani Amalawi okhalitsa za madera oyenera kuwapewa, ndipo mukaona chigulu cha anthu chikusonkhana, patukani msanga.

Musananyamuke, lembani pa pepala nambala izi: 10111 ya polisi, 10177 ya ambulansi, ndi 112 imene mungaimbe pa foni ya m'manja. Onjezani nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena nthambi yake ya ku Johannesburg, ndi ya m'bale amene akukudikirani. Pepalalo ndi fotokope ya pasipoti muziike padera, kutali ndi foni ndi chikwama cha ndalama, ndipo fotokope ina muisiye kwa a pabanja panu kumudzi.