Chamba, mowa ndi uhule pachipata cha Mwanza: nkhaniyi ndi yathu tonse

Achinyamata anzathu, aliyense amene anakulira ku Mwanza amadziwa m'mene boma lathu limasinthira dzuwa likangolowa. Masana timaona amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, anyamata osintha ndalama, ndi mzere wautali wa mathiraki odikira kuti mapepala awo atheke pachipata. Usiku mathirakiwa amakhala adakali pompo, koma malonda amasintha. Mabala amakweza nyimbo, malo ogona alendo amadzaza, ndipo ena mwa atsikana amene amayendayenda m'malowa ndi amene tinkakhala nawo benchi imodzi ku pulayimale. Ena mwa anyamata ogulitsa chamba kuseri kwa magolosale ndi amene tinkamenya nawo chikulunga m'mudzi. N'chifukwa chake sitingakambe nkhaniyi ngati ya anthu achilendo.

Msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa umafika pachipata chathu n'kulowa ku Zobue m'dziko la Mozambique. Kuchoka apo, magalimoto ena amalowera ku doko la Beira, ena amadutsa mu Tete kukatulukira pa Nyamapanda ku Zimbabwe mpaka kukafika ku South Africa. Mafuta a galimoto, feteleza ndi katundu wambiri wa m'masitolo amalowera pano. Msewuwu umadyetsa mabanja ambiri, ndipo sitikuunyoza. Koma umakumanitsanso bambo amene wachoka kwawo masabata angapo ali ndi ndalama m'thumba, ndi mtsikana amene kwawo ndalama zimaoneka nyengo ya manachesi yokha. Si dalaivala aliyense amene amachita zachiwerewere, ndiponso si madalaivala okha amene amagula atsikana. Pali amalonda, ogwira ntchito m'maofesi, ngakhalenso anyamata a msinkhu wathu amene apeza kangachepe tsiku limenelo.

Mowa ndi chamba zimatsegula khomo

Ambiri timadziwa kuti kachirombo ka HIV kamafala kwambiri pogonana mosadziteteza. Chimene timaiwala ndi chakuti munthu woledzera kapena wosuta chamba saganiza monga amaganizira masana kukalabu. Mnyamata amene amatha kufotokoza bwino lomwe kavalidwe ka kondomu pa msonkhano, akamwa kachasu amaiwala kuti kondomuyo ili m'thumba. Wina amaivala molakwika, ina n'kuphulika, iye osazindikira. Mawu oti switi sadyera m'pepala amamveka kwambiri pamowa kusiyana ndi pena paliponse.

Kwa mtsikana amene ali m'bala, vutoli limakula kawiri. Ambiri amamwa kapena kusuta kuti achotse manyazi ndi mantha, chifukwa ntchito yogona ndi munthu wosamudziwa si yapafupi. Akaledzera, mphamvu zokana zimachepa. Mwamuna akanena kuti awonjezera ndalama ngati sagwiritsa ntchito kondomu, mtsikana amene ali ndi ngongole ya chipinda ndi mwana wodwala kunyumba amavomera. Ena amamenyedwa, kulandidwa ndalama kapena kugwiriridwa, ndipo sakanena kupolisi poopa kuti amangidwa ndi iwowo. Matenda opatsirana pogonana monga chindoko, chizonono ndi mabomu amabwera, ndipo zilonda za matendawa zimapangitsa kuti kachirombo kalowe m'thupi mosavuta. Amene ali kale pa mankhwala a ma ARV, mowa umawaiwalitsa kumwa mankhwala pa nthawi yake. Kudumphadumpha kotereku kumapatsa mpata kachirombo kuti kachulukenso m'magazi, mwinanso kuti kasamvenso mankhwala.

Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti chifukwa ana asukulu ankaugula ndi ndalama yochepa n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Koma tonse tikudziwa kuti mowa waukali wotchipa sunathe, unangolowa m'timabotolo. Pa nkhani ya chamba, pali chisokonezo chimene tiyenera kuchikonza. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, ndipo wolimayo ayenera kukhala ndi chiphaso. Lamuloli silinalole kusuta. Kupezeka ndi chamba chosuta kapena kuchigulitsa ndi mlandu mpaka lero. Mnyamata amene wapatsidwa kachikwama kuti akawolotse kudzera m'njira zachidule ndiye amene amagwidwa, pomwe mwini katundu ali phee kunyumba kwake. Ndipo akagwidwira kunja, amakaseweza jele kudziko kumene achibale sangathe kukamuona.

Achipatala amatiuza kuti chamba chimasokoneza kwambiri bongo umene ukukula. Woyamba kusuta adakali wamng'ono amavutika kukumbukira za m'kalasi, amataya chidwi ndi sukulu, ndipo ena amadwala misala mpaka kutumizidwa ku chipatala cha anthu amisala ku Zomba. Ku Zimbabwe, kumene msewu wathu womwewu umapita, achinyamata ambiri awonongeka ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine komanso mankhwala ena oopsa amene kumeneko amawatcha mutoriro. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Galimoto imene imanyamula shuga ndi sopo ingathenso kunyamula zimenezi.

Ziwerengero zikutiuza chiyani?

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo amayi ndiwo ambiri kuposa abambo. Atsikana amatenga kachiromboka kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kugonana ndi zidyamakanda. Pakati pa amayi oyendayenda, kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti pafupifupi theka ali ndi kachirombo. Chiwerengerochi chatsika poyerekeza ndi cha 2006, pamene anali pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse, koma chidakali chachikulu.

Tisaganize kuti ziwerengerozi zimathera m'mabala. Bambo amene wagona m'chipinda cha pachipata Lachisanu amakafika kwa mkazi wake Lamulungu. Mnyamata amene wapitako atalandira ndalama za ganyu ali ndi chibwenzi kusukulu. Kachirombo kamayenda chonchi, kuchoka pamsewu kukafika m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati.

Phunziro la mu 2009

Ena amati njira yake ndi yapafupi: kuwagwira atsikanawa, kuwachititsa manyazi ndi kuwathamangitsa. Njira imeneyi inayesedwa kale kuno kwathu. Mu 2009 apolisi a ku Mwanza anagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo ku chipatala cha boma kumene anawayeza magazi popanda chilolezo chawo. Zotsatira zake zinawerengedwa poyera m'khoti, anthu akumva. Ena mwa amayiwa anamvera pomwepo koyamba kuti ali ndi kachirombo, opanda uphungu uliwonse. Amayi 11 anakadandaula ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, ndipo mu May 2015 Jaji Dorothy Kamanga anagamula kuti kuwayeza mokakamiza kunaphwanya ufulu wawo. Lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 nalonso limaletsa kusala munthu chifukwa ali ndi kachirombo, ndipo limateteza chinsinsi cha zotsatira za magazi.

Tidzifunse: zimene zinachitika mu 2009 zija zinathetsa uhule ku Mwanza? Ayi. Mathiraki akuimabe, mabala akudzazabe. Amene anaimikidwa m'khoti anali amayi, koma malondawa sachitika ndi munthu mmodzi. Ndipo mtsikana amene wamva kuti chipatala chingaulule za magazi ake, kodi angapitekonso kukayezetsa mwa kufuna kwake? Amabisala, matenda n'kumakula, n'kumafalikira. Ife tikuti uhule ndi woopsa ku moyo ndipo sitikulimbikitsa aliyense kulowamo. Koma kunyoza ndi kusala munthu amene ali kale m'menemo kumangomukankhira kutali ndi thandizo.

Tiyeneranso kusiyanitsa bwino pa nkhani ya ana. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mtsikana wa zaka 15 amene ali m'bala usiku si hule, ndi mwana amene akuchitidwa nkhanza. Wolakwa ndi bambo amene akugona naye, mwini bala amene akumusunga, ndi munthu amene anakamutenga kumudzi pomunamiza kuti akamupezera ntchito yapanyumba kapena yogulitsa mu lesitilanti. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka zilango zazikulu kwa anthu otere. Tikamva wina akulonjeza anzathu ntchito ku Tete kapena ku Joni, koma osafuna kuti makolo ndi amfumu adziwe, tichenjere ndipo tikanene.

Nanga ife a m'makalabu titani?

Choyamba, tiyambe ndi ife eni. Sizithandiza kuchita sewero lokongola la Edzi Loweruka masana, usiku wake otsogolera sewerolo n'kukapezeka ataledzera kubala. Ana a kupulayimale amationa, ndipo amatsatira zochita zathu kuposa zonena zathu. Anyamata, ndalama imene mumapereka kwa mtsikana kuti mugone naye ndi imene imasunga malondawa. Tikamadzudzula atsikana okha, ife n'kumadzitama pagulu kuti tinapitako, tikudzinamiza.

Chachiwiri, titsegule khomo la kalabu. Makalabu ambiri amadzaza ndi achinyamata amene ali kale pasukulu ndiponso a makhalidwe abwino, pomwe ofunika thandizo kwambiri amaopa kubwera chifukwa timawaseka. Mnzathu amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba tisamutaye. Boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma ambiri sabwerera chifukwa cha manyazi. Tipite kwawo, tikambirane ndi makolo ake, ndipo tsiku loyamba timuperekeze. Mnyamata amene wayamba chamba timuitane ku mpira, tizicheza naye, ndipo ngati wayamba kulankhula yekha, kusagona tulo kapena kuchita ndewu, tithandize abale ake kupita naye kuchipatala msanga m'malo momumanga zingwe.

Chachitatu, tidziwe thandizo limene lilipo ndipo tiuze anzathu. Kuyezetsa magazi ndi kwaulere m'zipatala za boma, ndipo zotsatira ndi chinsinsi chako. Ma ARV akuperekedwa kwaulere kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Wogwiriridwa, kapena amene kondomu yamuphulikira, athamangire kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala a PEP. Amene ali pa chiopsezo chachikulu afunse achipatala za mankhwala a PrEP, oteteza munthu amene alibe kachirombo. Nkhani za nkhanza tikanene ku ofesi ya Victim Support kupolisi, kapena tiimbe lamya yaulere ya ana pa 116. Bungwe la YONECO lilinso ndi nambala ya 6600 yothandiza amene avutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Chachinayi, tisathawe nkhani ya ndalama. Kuuza mtsikana wanjala kuti adziletse, osamuonetsa pena popezera sopo ndi fizi, ndi kumusiya pomwe tinamupeza. Kalabu ikhoza kuyambitsa banki m'khonde, dimba la ndiwo zamasamba, nazale ya mbande za zipatso, kapena kuweta nkhuku. Tikafunse ku ofesi ya achinyamata paboma za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA. Phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama ya usiku umodzi pachipata, tisanamizane. Koma ndi ndalama imene sibwera ndi matenda kapena zibakera.

Pomaliza, tipemphe akuluakulu kuti achite mbali yawo. Mafumu, makhansala ndi apolisi aonetsetse kuti eni mabala ndi malo ogona alendo sakulowetsa ana. Makolo asalandire ndalama kapena thumba la shuga kwa mwana wamkazi amene sali pantchito, osamufunsa kumene wazitenga. Akakhala chete, mwanayo amamva ngati amuloleza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalabu payokha singathe zonsezi.

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, aliyense aganizire mnzake mmodzi amene anasiya kubwera, ndipo gulu lisankhe anthu awiri oti akamuyendere sabata yomweyo. Osakamulalikira kapena kumuweruza, koma kukamva m'mene alili ndi kumuuza kuti malo ake alipobe.