KUMMWERA KWA AFRICA: Sitolo zikuluzikulu zasintha misika, koma tsogolo lake lili m'manja mwa makhonsolo

BLANTYRE — M'mwezi wa Ogasiti 2025 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inalengeza kuti ikugulitsa sitolo zake zisanu za m'dziko la Malawi, patatha zaka 24 chiyambireni malonda m'dzikomo. Pamene kampaniyi inkatsegula sitolo yake ku Chichiri, pa msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe, panali nkhawa yakuti misika ya m'matauni awiriwa idzafota chifukwa ogula adzathamangira kumene kuli mafiriji, malo oimika galimoto ndi malo odyera amakono. Lero misika ya Blantyre, Limbe ndi Ndirande idakadzazabe m'mawa uliwonse, ndipo yemwe walongedza katundu ndi mlendo uja.

Nkhaniyi ikukhudza mizinda yambiri ya m'chigawo chino, kuyambira ku Lusaka ndi Harare mpaka ku Maputo ndi Durban. Zimene zachitika pa zaka 30 zapitazi zikusonyeza kuti sitolo zatsopano zimalanda msika wapanja ogula ena ndi katundu wina, koma chimene chimapha kapena kupulumutsa msika kawirikawiri ndi chigamulo cha akuluakulu a mzinda pa nkhani ya malo.

Mmene sitolozi zinafikira

Tsankho la apartheid litatha mu 1994, makampani a ku South Africa anayamba kufunafuna ogula kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba ya ku Zambia mu msewu wa Cairo ku Lusaka mu 1995, itagula nyumba zimene kale zinali sitolo za boma, pa nthawi imene boma la Frederick Chiluba linkagulitsa makampani ake. Mu 1997 inafika ku Maputo, ndipo mu 2001 ku Malawi. Ku Lusaka, malo a sitolo zambiri a Manda Hill anatsegulidwa mu 1999, a Arcades mu 2003, ndipo ku Lilongwe Gateway Mall inatsegulidwa mu 2014.

Malo oterewa amamangidwa mofanana pafupifupi kulikonse. Pakati pamakhala sitolo yaikulu ya zakudya yomwe imakoka anthu, ndipo m'mbali mwake mumakhala mabanki, sitolo za zovala ndi za mafoni, komanso malo odyera monga Hungry Lion, KFC kapena Debonairs. Munthu amene ali ndi galimoto amatha kutapa ndalama, kugula zakudya za mwezi wonse ndi kudyetsa ana ake osaponda matope. Ogula amenewa, omwe amalandira malipiro pakutha pa mwezi ndipo amagula zambiri nthawi imodzi, ndiwo oyamba amene msika unataya.

Katundu amene anasamukira m'sitolo mofulumira ndi wopangidwa m'mafakitale: shuga, mafuta ophikira, sopo, mpunga wa m'mapaketi, mkaka ndi nyama yozizira. Kampani imene imaoda katundu wodzaza malole ambiri imapeza mtengo umene mwini golosale kapena okala sangaupeze. Chifukwa cha ichi, amene anamva kuwawa kwambiri ndi eni sitolo zazing'ono zoyandikana ndi malo atsopanowa, chifukwa ankagulitsa katundu yemweyo pa mtengo wokwera.

Chifukwa chake msika sunathe

Kafukufuku wa bungwe la African Food Security Urban Network, amene anachitika mu 2008 ndi 2009 m'madera a anthu osauka a m'mizinda 11 ya mayiko 9 a SADC, anapeza kuti mabanja 79 pa 100 alionse ankagulako chakudya m'sitolo zikuluzikulu, pamene 70 pa 100 alionse ankagulanso m'misika ndi kwa mavenda. Kusiyana kunali pa kagulidwe. Ku sitolo ambiri ankapitako mwa apo ndi apo, makamaka kamodzi pa mwezi, kukagula ufa ndi zina zosaonongeka msanga. Ku msika ankapitako kangapo pa sabata. Mizinda ya ku South Africa ndi Namibia ndiyo inkadalira kwambiri sitolo, pamene ku Lusaka ndi Maputo mabanja ambiri ankadalira msika.

Zifukwa zake n'zoonekeratu kwa aliyense wodziwa moyo wa m'makomboni. Munthu wa maganyu amapeza ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo amagula monga mmene wapezera. Pa msika amapeza mulu wa tomato, kambale ka usipa kapena kapenta, mafuta a m'kachubu, ndi kajumbo ka ufa wokwanira chakudya chimodzi, kamene ku Zambia amati pamela ndipo ku Malawi amati wokumani. Amatha kunenerera mtengo, kupempha basera, kapena kutenga pa ngongole kwa mayi amene amamudziwa. Banja lopanda firiji, kapena lokhala kumene magetsi amathima maola ambiri, silingagule nyama ya sabata yathunthu ngakhale itatsika mtengo. Ndiponso ndiwo monga bonongwe, chisoso, nkhwani, therere, mbewa ndi ngumbi zimapezeka mosavuta pa msika kusiyana ndi m'mashelefu.

Palinso mavenda amene anapindula ndi kubwera kwa sitolozi. Pamene pali khamu la anthu pamabweranso ogulitsa nthochi, mapeyala, nyuzi ndi mayunitsi a foni, komanso oyendetsa kabaza ndi minibasi. Ena amakapikula shuga kapena mafuta m'sitolo momwemo pa nthawi imene mitengo yatsitsidwa, n'kukagawa m'timapaketi ting'onoting'ono kukagulitsa ku komboni.

Nkhani ya malo odyera ikuyenda chimodzimodzi. Nkhuku yokazinga ndi tchipisi za m'malo amakono zinakopa achinyamata ndi mabanja opeza bwino, makamaka pa mapeto a sabata ndi pa zikondwerero. Koma mlonda, wosesa kapena wolandira ndalama m'sitolo sangadye kumeneko tsiku lililonse. Masana ambiri mwa iwo amapita kwa amayi ophika nsima kuseri kwa msika kapena pa chiwaya. Malo atsopano a malonda akalemba anthu ntchito amakhala atabweretsanso makasitomala a anthu ophika amenewa.

Alimi ndiwo anayamba kudandaula

Vuto lalikulu linaonekera kwa alimi ang'onoang'ono. Ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia, alimi a m'mudzi wa Luangeni ankagulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa m'tauni. Sitolo ya Shoprite itatsegulidwa kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ikugulitsa masamba ndi zipatso zochokera kutali, alimiwa anataya ogula awo abwino, ndipo mkwiyo unakula mpaka ena anaopseza kuti aotcha sitoloyo. Zotsatira zake zinali mgwirizano woti alimiwo aziperekera sitoloyo masamba, ngakhale kuti ofufuza amene anatsatira nkhaniyi pambuyo pake anapeza kuti mgwirizanowo sunakwaniritse zonse zimene alimi ankayembekezera.

Chimene chimalepheretsa mlimi wa padimba n'chodziwika. Sitolo imafuna katundu wofanana kukula, wochuluka mofanana sabata iliyonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo imalipira patapita masabata. Mlimi wopanda mthirira wodalirika, galimoto kapena ndalama zodikirira sangakwanitse. M'kupita kwa zaka sitolo za ku Zambia zinayamba kugula masamba ambiri m'dziko momwemo, koma amene amapeza mwayiwu mosavuta ndi alimi akuluakulu ndi magulu okhazikika. Kwa mlimi wa tomato wa ku Ntcheu kapena wa kabichi wa ku Chongwe, msika ndiwo malo amene amalandira chilichonse chimene wakolola ndi kumulipira tsiku lomwelo.

Mkangano weniweni uli pa malo

Malonda a pa msika amayenda chifukwa cha anthu odutsa. Wogulitsa akasunthidwa mtunda wochepa chabe kuchoka pa depoti ya mabasi, ogula ake amatha. N'chifukwa chake chigamulo cha khonsolo chimaposa mpikisano wa mitengo.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Warwick Junction ku Durban, kumene kumakumana sitima, mabasi ndi mataxi, ndipo anthu mazana a zikwi amadutsa tsiku lililonse. Mu 2009, pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, khonsolo ya eThekwini inavomereza kuti pamalo a Early Morning Market, msika wa masamba ndi zipatso umene unayamba mu 1910, pamangidwe malo a sitolo zamakono. Amalonda anakana kuchoka, apolisi anawathira zipolopolo za mphira, ndipo nkhani inapita kukhoti mothandizidwa ndi maloya a Legal Resources Centre. Mu 2011 khonsolo inasintha maganizo, ndipo msikawo unapulumuka.

M'mayiko ena mavenda sanapeze chitetezo chotere. Ku Zimbabwe, ntchito ya Murambatsvina ya mu 2005 inagumula nyumba ndi malo a malonda, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, ntchito, kapena zonse ziwiri. Ku Malawi, boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu mu Epulo 2006 n'kuwalozera ku misika imene ambiri anadandaula kuti ndi yopanikiza. Ku Lusaka, City Market inapsa mu Julayi 2017, ndipo kumayambiriro kwa 2018, kolera itabuka, asilikali anachotsa mavenda m'misewu ndipo misika ina inatsekedwa kwa kanthawi. Pa mliri womwewo malo ena odyera amakono anatsekedwanso, chizindikiro chakuti madzi oipa sasankha khonde.

Amalonda a m'misika amalipira chiphaso tsiku lililonse, ndipo ndalamazi ndi gawo la chuma cha makhonsolo. Dandaulo lawo m'mizinda yambiri ndi limodzi: zimbudzi zosakwanira, madzi osowa, zinyalala zosachotsedwa, ndi moto umene umapsereza katundu wopanda inshuwalansi. Wogula akasankha kumene kuli paukhondo, msika umakhala utaluza chifukwa cha ntchito imene khonsolo sinagwire.

Ndalama zakunja zikasowa

Sitolo zikuluzikulu nazo zili ndi pofooka pake. Katundu wawo wambiri amachokera kunja, ndipo lendi ya malo ambiri amakono imawerengedwa m'madola. Ku Malawi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zili zosowa. Shoprite inali itatuluka kale m'mayiko a Kenya, Nigeria, Uganda ndi Madagascar isanalengeze za Malawi ndi Ghana. Sitolo za PTC, zimene Amalawi anazizolowera kuyambira m'zaka za m'ma 1970, zinagulitsidwa mu 2022 ndipo kenaka zinatsekedwa. Ku Zimbabwe, kampani ya Choppies ya ku Botswana inalengeza chakumapeto kwa 2024 kuti ikuchoka, ndipo inatchula kusamuka kwa ogula kupita kwa amalonda ang'onoang'ono monga chimodzi mwa zifukwa zake.

Akuluakulu akale anati mlendo ndi mame. Kampani yakunja imayankha kwa eni masheya ake, ndipo phindu likachepa imagulitsa n'kupita, ngakhale kuti nyumba zake zimatsala ndipo amalonda ena amalowamo. Mayi wogulitsa masamba ku Limbe kapena ku Soweto Market ya ku Lusaka alibe kwina kopita.

Kwa okonza mapulani a mizinda, phunziro lake ndi lakuti sitolo ndi msika zimatumikira anthu omwewo pa masiku osiyana a mwezi. Khonsolo imene ikupereka malo kwa womanga sitolo ili ndi mphamvu yoika mfundo zoti pafupi pasiyidwe malo a mavenda okhala ndi denga, madzi ndi zimbudzi, ndi zoti amalonda afunsidwe asanasunthidwe. Ilinso ndi udindo wobweza gawo la ndalama za ziphaso ku misika imene ndalamazo zimachokera. Kumene izi sizichitika, mabanja osauka amalipira kawiri: wogulitsa amataya malo ake, ndipo wogula amayenda mtunda wautali kufuna chakudya cha tsiku limenelo.