Mawu a Abusa: Mwana Akabwera ndi Buku la Harry Potter



Makolo ena akhala akufunsa za buku limene ana a kusekondale amabwerekana, ndi za mafilimu ake amene amaonera pa foni. Ana athu amalidziwa ndi dzina la Chipwitikizi lakuti Harry Potter e a Pedra Filosofal. Analilemba ndi mayi wa ku Britain, J.K. Rowling, ndipo linasindikizidwa m'Chingerezi ku London m'chaka cha 1997. Pambuyo pake panatuluka mabuku ena 6, lotsiriza mu 2007, ndi mafilimu 8 kuyambira 2001 kufikira 2011. Funso la makolo ndi lakuti: kodi tiwalole ana awerenge, kapena tiwalande?

Mlandu sagamula asanaumve, choncho tiyambe tamva nkhani yake. Harry ndi mwana wamasiye amene akuleredwa kwa amayi ake aakulu. Amagona m'kachipinda ka katundu kunsi kwa makwerero, navala zotha za mwana wa m'nyumbamo. Pa tsiku limene akwanitsa zaka 11, kukufika chimunthu chachikulu, Hagrid, kudzamuuza kuti ali ndi mphamvu zamatsenga, ndi kuti malo akumudikira ku sukulu yotchedwa Hogwarts. Iye amamva tsono kuti makolo ake anaphedwa ndi Voldemort. Mdani ameneyu akufunafuna mwala wopanga golide ndi mankhwala oletsa imfa.

Kwa wolembayo, matsenga otere ndi zinthu za m'nthano. Koma kwathu kuno mawu akuti mfiti, kapena feiticeiro, si amasewera. Chifukwa cha mawu amenewa agogo athamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo ana osalakwa anenedwa kuti amauluka pa lichero usiku. N'chifukwa chake tikuona ngozi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mwana angaganize kuti mphamvu zobisika ndi zokoma, kenaka n'kukafuna chithumwa chokhozera mayeso kapena chopambanira mpira. Yachiwiri ili kwa ife akulu: tingapeze bukulo pansi pa mphasa, n'kumutcha mwana wathu mfiti. Dzina limeneli likamumata mwana m'mudzi, silichoka msanga.

Malemba sabisa mawu pa za kuombeza ndi nyanga. Deuteronomo 18 akuziletsa kotheratu, ndipo ife sitisuntha pamenepo. Ena amakumbukanso Machitidwe 19, pamene anthu a ku Efeso anatentha mabuku awo. Koma tizindikire kuti amene aja anali mabuku ogwirira ntchito ya matsenga, ndipo anawatentha ndi eni ake atalapa, popanda wowalanda. Buku la nthano ndi chinthu china. Ife tomwe tinakulira nthano za Kalulu wonyenga Njovu, ndipo palibe anapita kutchire kukafunsa nzeru kwa kalulu. Tinkadziwa kuti ndi nthano chifukwa agogo anali pomwepo, namatifunsa phunziro lake pomaliza. Chimene chasowa lero ndi munthu wamkulu wokhala pambali pa mwana.

Tidzifunsenso chimene chikukoka mtima wa mwana m'bukuli. Si ndodo yamatsenga yokha ayi. Mwana wa zaka 11 kapena 13 amakhala ndi funso losatchula: ndine yani, ndipo kodi pali wondiwerengera? Harry anakhala zaka 10 wosawerengedwa, kufikira tsiku limene wina anabwera kudzamuitana ndi dzina lake. M'nyumba zathu zachikhristu mulinso ana amasiye amene amadya potsiriza, natsala kudimba anzawo akupita ku sukulu. Mwana wotere akawerenga za Harry amadziona yekha. Timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kodi iye anamvapo zimenezi kuchokera pakamwa pathu? Ngakhale pa chilangizo timachulukitsa zoletsa, osamuuza mwana mphatso imene taiona mwa iye. Ife tikapanda kumuuza kuti ndi wamtengo wapatali pamaso pa Mulungu, adzamvera aliyense amene adzamulonjeza mphamvu.

Tsono mwana akabwera ndi bukuli, mukhazikeni pansi akusimbireni nkhani yonse. Mufunseni chimene chinapulumutsa Harry. Ngati anawerenga bwino, adzayankha kuti si luso la matsenga, koma chikondi cha amayi ake amene anafa pomuteteza ali khanda. Mufunseni amene anapeza mwala uja. Adzati ndi Harry, chifukwa sanaufune kuti apindule nawo, ndipo pamapeto mwalawo unaphwanyidwa. Pamenepo tsegulani Machitidwe 8, muwerenge naye za Simoni wa ku Samariya amene anafuna kugula mphamvu ya Mulungu ndi ndalama. Mufotokozereni poyera kuti za m'bukuli ndi zopeka, koma kupita kwa woombeza ndi tchimo lenileni limene limapasula mabanja.

Dziwaninso kuti mabuku otsatirawo amanka naopsa, ndipo muli imfa zambiri, moti sayenera ana aang'ono. Banja limene laona kuti ana ake asawerenge konse lili ndi ufulu wotero, koma lipereke chifukwa chake mwachifatso, ndipo lisaweruze banja lina, monga Aroma 14 atiphunzitsa pa zinthu zimene abale amasiyana maganizo. Chimodzi chokha tigwirizane tonse: pasapezeke mwana wa mumpingo uno wotchedwa mfiti chifukwa cha buku.

M'mera mpoyamba. Sabata ino, tate ndi mayi aliyense aitane mwana aliyense wa m'nyumba mwake, wobereka yekha ndi wamasiye yemwe, amuuze chabwino chimodzi chimene Mulungu anaika mwa iye, ndipo apemphere naye.

Ambuye akudalitseni nonse.