Geni ili mufoni, nanga loko wake ali kuti?



Sukulu tinamaliza, madigiri ali m'maenvelopu, ntchito njee. Ndiye ambiri tinalowa geni. Wina akugulitsa kaunjika pa WhatsApp, wina makeke pa Facebook, wina ndi ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Shopu yathu ndi foni. Makasitomala, mabuku a ngongole, ndalama zokaodera, zonse zili momwemo. Koma taonani zodabwitsa: munthu amene pa hokala amaika maloko awiri, pa akaunti amangoika 123456. Manambala amenewa chaka ndi chaka amapezeka pakati pa mapasiwedi omwe anthu ambiri padziko amagwiritsa ntchito, ndipo mbava zimayamba kuyesa omwewo.

Pasiwedi imodzi ikhoza kugwetsa bizinesi. Mu 2023 ku UK, kampani ya mathiraki ya KNP Logistics, yomwe mbiri yake inali ya zaka 158, inatsekedwa. Mbava za pa intaneti zinapeza pasiwedi yofooka ya wantchito mmodzi, zinalowa, zinakiya mafayilo a kampani n'kufuna dipo. Anthu pafupifupi 700 ntchito inawathera pomwepo. Ife amene tikudziwa kuwawa kwa ulova, nkhani imeneyi isatidutse.

Mwina mukuti, "Aaa, kageni kanga n'kakang'ono, ndani angalimbane nako?" Aise, wakuba sakufuna nsapato zomwe ukugulitsazo. Akufuna dzina lako. Akalanda WhatsApp yako, amalembera makasitomala ako onse kuti katundu wafika, atumize ndalama pa nambala ina. Iwo amatumiza chifukwa amakukhulupirira. Ndalama zimapita, mbiri imene unamanga zaka ziwiri imapita nazo.

Tilinso ndi vuto lathulathu ife ofuna ntchito. Ma CV athu ali mbwee m'maofesi, ena tinawatumiza kwa anthu osawadziwa olonjeza ntchito. Pa CV pali dzina, tsiku lobadwa, nambala ya foni ndi imelo. PIN ya manambala anayi ikhoza kupangidwa m'njira 10,000, koma ukaika chaka chobadwa, wogwira CV yako wagwiranso kiyi. Chimodzimodzi dzina la mwana, la chibwenzi kapena la timu yomwe umaichemerera pa Facebook tsiku ndi tsiku.

Ndiye titani?

Choyamba, pasiwedi ikhale yaitali. Kutalika kumaposa kuchenjera. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, monga chigumu, njinga, bowa ndi mphezi, muwalumikize, muikemo nambala ndi chizindikiro. Inu simungaiwale, koma kompyuta yongoyesayesa imatopa nayo. Awa ndi achitsanzo chabe, pekani anu.

Chachiwiri, akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake. Mu 2012 mapasiwedi mamiliyoni a LinkedIn, komwe ambirife timasakirako ntchito, anabedwa. Mbava zikapeza pasiwedi pamalo amodzi zimakaiyesa pa imelo, pa Facebook ndi ku banki. Imelo ndiye muisamale koposa, chifukwa ndi kumene kumafikira uthenga wosinthira mapasiwedi ena onse.

Chachitatu, musadalire mutu wokha. Mufoni za Android muli Google Password Manager, palinso Bitwarden, zonse zosalipira. Zimapanga mapasiwedi olimba n'kuwasunga. Ngati mukonda kope, likhale kunyumba pobisika, osati pa kauntala kapena m'kachikwama ka foni.

Chachinayi, ikani loko wachiwiri. Pa WhatsApp tsegulani two-step verification, muike PIN ya manambala asanu ndi imodzi. Pa Gmail ndi Facebook chitaninso chomwecho. Ndipo manambala obwera pa SMS sauza munthu. Wina akaimba kuti ndi wa ku kampani ya foni kapena ku banki, akufuna PIN kapena manambala amenewo, dulani foni. Ameneyo ndi kathyali.

Chachisanu, geni yachibale isakhale ya pasiwedi imodzi. Pa peji ya Facebook mungathe kumuika mnzanu kuti aziyendetsa nawo kudzera pa akaunti yake. Mukasiyana, mumangomuchotsa. Ngati munagawana kale pasiwedi, sinthani tsiku lomwelo, osadikira kuti mukangane kaye.

Tidzapitiriza kufunsa atsogoleri za ntchito, ndipo sitidzatopa. Koma kampamba komwe tinachita kubwereka ku banki m'khonde kapena kwa amalume palibe nduna idzatilondere. Zonsezi sizidya bandulo yambiri, n'zamphindi makumi awiri basi. Yambani ndi imelo lero lomwe, musanagone. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tumizani uthengawu kwa aliyense amene geni yake ili mufoni, ndipo amayi a pamsika omwe foni imawavuta mukhale nawo pansi muwathandize kusintha PIN, koma poilemba muyang'ane kumbali.